Kodi mabuku amaona chiyani pa thupi la mwamuna wa ku Africa amene wachoka kwawo?

Mdzukulu wa Tchona:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawerenga nthano zazitali zolembedwa ndi anthu a kuno ku Africa. Agogo anga aamuna, obereka mayi anga, anagwira ntchito zaka zambiri mu mgodi wina wa golide ku Joni, ndipo pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, iwo anali atabwerera kale kumudzi, akukhala pakhonde ndi chikhoti chachikulu chimene sankavula ngakhale dzuwa la mu Okutobala litafika pamutu. Sankakonda kukamba za kumene anachokerako, choncho chimene ndinatsala nacho m'mutu ndi thupi lawo: mapewa otambalala amene anali atayamba kugwa, zala ziwiri za kudzanja lamanzere zimene sizinkapindika, ndiponso chifuwa chouma chimene chinkatidzutsa m'bandakucha. Tsiku lina nditawaperekera madzi kubafa ndinaona msana wawo uli ndi tizipsera tambirimbiri toyerera, ndipo nditafunsa anangoyankha kuti ndi miyala ya pansi. Kumgodiko ankadziwika ndi dzina lachingerezi limene kapitawo anawapatsa chifukwa lawo lenileni linkamuvuta kutchula, komanso ndi nambala imene anaikumbukira mpaka tsiku lomaliza, pamene mayina a adzukulu ena anali atawatayika.

Mwezi wathawu ndawerenga Mine Boy, buku la Peter Abrahams limene linatuluka mu 1946. Mwininkhani wake, Xuma, akufika usiku ku Malay Camp mu Johannesburg kuchokera kumpoto, alibe ndalama, ndipo chinthu choyamba chimene aliyense akuona pa iye ndi msinkhu ndi mphamvu zake. Leah, mayi wogulitsa mowa amene akumulandira, akumuyang'ana monga mwamuna wamkulu thupi, ndipo Mzungu wa kumgodi, Paddy, akumufuna kuti ayang'anire anzake pa chifukwa chomwecho. Pamene ndinafika pa munthu uja amene ankalavula magazi koma n'kumabisa kuti asachotsedwe ntchito asanabweze ngongole yake, ndinatseka bukulo kwa kanthawi, chifukwa chifuwa chimenecho ndinali nditachimva kale kunyumba kwathu.

Funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani m'mabuku otere mwamuna wa ku Africa akangochoka kwawo amayamba kuonedwa ngati thupi, ndipo dzina lake, mfunda wake ndi maganizo ake zimabwera pambuyo? Kodi alembiwa akuulula diso la anthu amene anamulandira mlendoyo, kapena nawonso anagwidwa ndi diso lomwelo? Ndiponso ndikufuna kudziwa ngati alipo mabuku amene amalitsatira thupilo mpaka pamene labwerera kwawo litatha mphamvu.

Mphunzitsi Wopuma:

A Mdzukulu wa Tchona, mwafunsa funso limene ine ndinkalakalaka kuti ophunzira anga adzafunse. Ndiyambe ndi kunena kuti alembiwa sanapeke diso limenelo, analipeza likugwira kale ntchito. Mwamuna wofuna kupita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, ankayamba wavula zovala pamzere ndi anzake, n'kukwera pasikelo, n'kumuyeza chifuwa, n'kudinda zala zake papepala, ndipo wopepuka kwambiri ankabwezedwa. M'zaka za pambuyo pake, ofika kumene ku migodi yakuya ankalowetsedwa m'chipinda chotenthetsedwa dala, mmene ankakwera ndi kutsika pachipika kwa maola angapo tsiku lililonse, pofuna kuti thupi lizolowere kutentha kwa pansi. Palibe pamzerepo amene ankafunsidwa kuti ndi mwana wa yani kapena kuti amadziwa kusula makasu. Mlakatuli wa Chizulu, Benedict Vilakazi, analemba ndakatulo ya Ezinkomponi m'buku lake la 1945 mmene wogwira ntchito akulankhula ndi makina a pamgodi, ndipo ukamaiwerenga umaona kuti munthuyo akudziwa bwino lomwe kuti eni mgodi amasamala makinawo kuposa iye.

Mbiri ya ife Amalawi pa ulendowu nayo inalembedwa pathupi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi kwa zaka zingapo. Ntchitoyo itayambiranso pansi pa dzina la TEBA, limene kumudzi tinkalitchula kuti Theba, inadzatheratu pa mkangano wa 1988 wokhudza kuyeza magazi a Amalawi ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Tinalowa pakhomo chifukwa cha minofu, ndipo tinatulutsidwa chifukwa cha magazi. Ngakhale chipukutamisozi cha mabiliyoni asanu a ndalama ya rand chimene khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, cha anthu odwala chifuwa cha fumbi la miyala ndi chifuwa chachikulu, chimafuna kuti munthu aonetse mapapo ake kwa dokotala, kutanthauza kuti thupi lomwe lija ndilo mboni yotsala.

Koma musaganize kuti mabuku onse amamusiya mwamunayo m'manja mwa sikelo. Werengani I Will Try ya Legson Kayira, ya 1965. Mnyamata uyu anachoka kumpoto kwa Nyasaland mu 1958 wapansi, opanda nsapato, atanyamula Baibulo, buku la John Bunyan, bulangete ndi kankhwangwa, ndipo anadutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka kufika ku Khartoum patapita zaka ziwiri, asanakwere ndege kupita ku Skagit Valley College ku America. M'buku limeneli mulinso njala, matenda ndi mapazi otupa, koma thupilo lili ndi mwini wake, ndipo akulitopetsa pa cholinga chimene wasankha yekha. Ngakhale dzina lakuti Legson anadzipatsa yekha ali pasukulu. Taonani kusiyana kwake ndi agogo anu: onse awiri anayenda ndi dzina lomveka ngati lachingerezi, koma wina analisoka yekha ngati malaya a msinkhu wake, pamene wina anavekedwa ndi munthu amene analibe nthawi yophunzira dzina lake.

Pa Chichewa chathu, Nthondo wa Samuel Josia Ntara, buku la 1933, ali ndi ulendo wokafuna ntchito kwa Azungu ndi kubwerera, koma Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ndipo mtima wake unali pa khalidwe ndi kutembenuka mtima kwa Nthondo. Makolo anati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mwambi umenewu tinkaunena monyadira potsanzikana ndi anyamata pa siteshoni, ndipo ndikuvomereza kuti ine ndinafika pa ukalamba ndisanaganizepo mofatsa za liwu lakuti amathera.

Nabanda:

Aphunzitsi, ndalemekeza zimene mwalongosola, koma ndikuona kuti inu ndi mwini funso mwaima pa theka la nkhaniyi. Diso limene limayeza mwamuna wakuda ngati chipangizo chogwirira ntchito lili ndi linzake limene limamuona ngati chilombo cha kuchipinda, chokhumbirika ndi choopsa pa nthawi imodzi, ndipo mabuku a amuna opita ku Ulaya amalimbana kwambiri ndi diso lachiwirili. Frantz Fanon, amene kwawo kunali ku Martinique, anafotokoza mu 1952 mmene mwana wa Mzungu anamulozera chala ku France mwamantha, ndi mmene kulozedwako kunamuchititsa kumva thupi lake ngati katundu amene wina wamusenzetsa. Ousmane Sembène, amene iye mwini ananyamulapo katundu padoko la Marseille, analemba Le Docker noir mu 1956. Mwininkhani wake, Diaw Falla, masana akunyamula katundu ndipo usiku akulemba buku, koma mayi wina wachizungu akusindikiza bukulo m'dzina lake. Diaw atamupha mayiyo, khoti ndi manyuzipepala akuvutika kukhulupirira kuti munthu wa mapewa otero angalembe buku, ndipo akupeza kuti n'chapafupi kunena kuti anagwidwa ndi chilakolako. Apa ndikugwirizana nanu kuti mlembi akuulula diso la ena.

Tsono tiyeni tifike pa Season of Migration to the North ya Tayeb Salih wa ku Sudan, imene inatuluka m'Chiarabu mu 1966. Mustafa Sa'eed si munthu wa fosholo, ndi katswiri wa zachuma wophunzira kwambiri, ndipo akafika ku London akuzindikira msanga chimene akazi ena achingerezi akufuna kuona pa iye. M'malo mokana chithunzicho, iye akuchivala dala: akukongoletsa chipinda chake ndi lubani, zonunkhira ndi zinthu za kum'mawa, akunama za kwawo, ndipo akusandutsa thupi lake chida chobwezera utsamunda. Zotsatira zake n'zakuti akazi atatu akudzipha, ndipo iye mwini akubaya mkazi wake, Jean Morris, ndi mpeni. Ndawerengapo anthu akuyamikira Mustafa ngati msilikali amene anapita kukalanda dziko la adani, ndipo nthawi zonse ndimadzifunsa kuti nkhondo imeneyo anaimenyera pa matupi a yani. Sanakhudze bwanamkubwa aliyense, ndipo ena mwa amene anawawononga anali atsikana wamba, mmodzi wa iwo wogwira ntchito m'nyumba yodyera.

Salih mwini wake sanabise zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndimalilemekeza bukuli. Iye akutibweza kumudzi wa m'mbali mwa Nile, kumene Hosna, mkazi wamasiye wa Mustafa, akukakamizidwa kukwatiwa ndi nkhalamba Wad Rayyes imene imadzitama ndi chamuna chake, ndipo mapeto ake ndi magazi a onse awiri. Kumeneko kulibe Mzungu woyeza munthu pasikelo. Teju Cole anachitanso chimodzimodzi mu Open City ya 2011: timayenda nthawi yaitali m'misewu ya New York ndi Julius, dokotala wa matenda a maganizo wochokera ku Nigeria, munthu wofatsa ndi wodziwa nyimbo ndi zojambula, timamumvera chisoni anyamata atamumenya mumsewu, kenaka chakumapeto Moji akumuuza kuti anamugwirira ali achinyamata, ndipo iye sakuyankha kanthu.

Choncho, a Mdzukulu, ine yankho langa n'lakuti mabuku abwino amakana kutipatsa mwamuna amene ndi wozunzidwa chabe. Ndipo pamene mukufunsa za thupi lobwerera kumudzi, mufunsenso za mayi amene analilandira. Kwathu akazi a matchona ankalima okha, kulera okha, ena kudikira zaka khumi popanda kalata, ndipo mwamuna akabwera ndi chifuwa ndiwo ankatenthetsa madzi usiku.

Wa ku Yorkshire:

Mayi Nabanda, mawu anu omalizawo andikhudza chifukwa ine ndine mwamuna amene ntchito yake tsopano ndi yotenthetsa madziyo. Kwathu ndinali wa mu ofesi, koma kuno ku England ndimasamalira okalamba, ndipo kwa zaka ziwiri zoyamba sindinauze ngakhale achimwene anga chimene ndimachita. Brian Chikwava anaigwira bwino nkhani ya manyaziwa mu Harare North ya 2009. Wofotokoza nkhani, mnyamata wa ku Zimbabwe wopanda dzina amene kwawo anali m'gulu la achinyamata ochita nkhanza a chipani cholamula, akufika ku Brixton mu London ali ndi chamuna cha chibonga, ndipo akunyoza ntchito imene anthu a kwawo anaipatsa dzina lachipongwe la BBC, osati wailesi ija ayi, koma kutanthauza opukuta kumbuyo kwa nkhalamba za ku Britain. Akunyoza chotero uku akudya ndalama za mnzake Shingi, ndipo pofika kumapeto sakuthanso kusiyanitsa kuti iye ndi uti ndipo Shingi ndi uti. Ndinaliwerenga bukuli pa basi ya usiku ndikuchokera kuntchito, ndipo ndinazindikira kuti liwu lonyozalo linali lomwe lija limene linkandiletsa kunena zoona pa foni.

Nkhani ya dzina imene mwini funso watchula sinathe ndi makapitawo a kumigodi. Mu Americanah ya Chimamanda Ngozi Adichie, ya 2013, Obinze, mwana wa mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nsukka, akutsuka zimbudzi ku London, kenaka akugwira ntchito yonyamula katundu ndi zikalata za munthu wina dzina lake Vincent, amene akumudula gawo la malipiro. Malo amene amandipweteka kwambiri ndi pamene anzake a kuntchito, amene akumukonda moona, akumukonzera kachisangalalo ka tsiku lobadwa, koma tsikulo ndi la Vincent. Thukuta ndi la Obinze, msana wopweteka ndi wa Obinze, koma chikondi cha anzakewo chikupita kwa munthu amene palibe. Abdulrazak Gurnah, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, anatipatsa mlendo wa mtundu wina mu By the Sea ya 2001: Saleh Omar, bambo wa zaka 65 wochokera ku Zanzibar, akutera pa bwalo la ndege la Gatwick ku England ndi dzina lobwereka, akunamizira kuti sadziwa Chingerezi, ndipo wa pachipata akumulanda kabokosi ka zofukiza zonunkhira, chinthu chokha chimene chinali ndi fungo la moyo wake wakale. Thupi lake silingagwire fosholo ndipo silingaopseze aliyense, choncho wa pachipatayo akudabwa kuti munthu wa msinkhu wotere wabwera kudzatani.

Chimene sindinachipeze mokwanira m'mabuku amenewa ndi chimene manja anga aphunzira. Pali bambo wina amene ndinamusamalira kwa chaka chathunthu, amene pa unyamata wake ankagwira ntchito mu mgodi wa malasha kuno kumpoto kwa England. Masiku oyamba ankakana kuti ndimukhudze. Pambuyo pake ndinaphunzira kumumeta ndevu ndi dzanja limodzi uku lina litachirikiza chibwano chake, kuyesa madzi ndi chigongono ndisanamusambitse, ndi kumutembenuza pabedi mosamupweteka chiuno. M'mawondo ndi m'manja mwake munali tizipsera tobiriwira mmene fumbi la malasha linatsekeredwa pansi pa khungu, ndipo ankapuma movutika ngati mmene mwafotokozera za agogo anu. Mphamvu zomwe zija zimene wondilemba ntchito anaziona pa ine, zonyamulira munthu kuchoka pampando, ndinazigwiritsa ntchito mofatsa kuposa mmene ndinkadziwira kuti mwamuna angathe. Alembi athu afotokoza bwino manyazi a ntchitoyi, koma ndikudikirabe amene adzalembe za luso lake.

Mlongo wa ku Joni:

Bambo a ku Yorkshire atchula chigongono, ndipo liwu limeneli kuno lili ndi mbiri yowawa. Mu Meyi 2008, pamene ziwawa zolimbana ndi alendo zinayamba ku Alexandra mu Johannesburg n'kufalikira m'madera ena, anthu 62 anaphedwa, ndipo magulu a anthu ankaimitsa munthu, kumulozera chigongono, n'kumuuza kuti atchule dzina lake m'Chizulu, lomwe ndi indololwane, liwu limene ngakhale eni dziko ena salidziwa. Kuyambira kale apolisi ankaganizira munthu kuti ndi mlendo poona kuda kwa khungu lake kapena malo amene pali chipsera cha katemera pamkono. Phaswane Mpe anali atalemba kale mu Welcome to Our Hillbrow, ya 2001, mmene anthu ankanenera kuti makwerekwere, dzina lonyoza alendo ochokera m'maiko ena a mu Africa, ndiwo anabweretsa Edzi ndi umbanda. Ndikufuna mwini funso aone kuti diso limene akulifunsalo si la Azungu okha. Pano amene akuwerenga thupi la mwamuna wa ku Malawi, Mozambique kapena Nigeria ndi munthu wakuda mnzake, ndipo mwamuna wanga mpaka lero akakwera tekisi salankhula pa foni.

Mdzukulu wa Tchona:

Ndathokoza nonse, ndipo mabuku amene mwatchulawa ndawalemba kuti ndiwafunefune, kuyambira ndi la Kayira ndi la Salih. Mayi Nabanda, mawu anu anandichititsa kuimbira foni mayi anga dzulo usiku, ndipo ndinawafunsa funso limene sindinafunsepo, lakuti agogo aakazi ankati chiyani za mwamuna wawo. Anandiuza kuti agogo aamuna atangobwera anali aukali, kuti dzanja lija la zala zowuma linamenyapo anthu pakhomopo, ndipo kuti panapita zaka nyumbayo isanakhale pa mtendere. Zimenezi sindinkazidziwa, ndipo usiku wonse sindinagone bwino. Anandiuzanso kuti m'zaka zomaliza agogo aakazi ankawathowa msana madzulo alionse ndi kansalu koviika m'madzi otentha, ndipo kuti pa moyo wawo wonse sanatchulepo dzina lija la kumgodi, ngakhale anzawo a agogo akabwera kudzacheza n'kumaitanana mayina a ku komboni. Iwo ankangowaitana ndi mfunda wawo.

Chitupa cha agogo chikadali m'sutikesi yachitsulo imene anabwera nayo, pamodzi ndi chithunzi chimene anajambulitsa ku Johannesburg atavala suti ndi chipewa, dzanja lamanzere ataliika m'thumba. Mwezi wamawa ndikupita kumudzi, ndipo mayi avomera kuti tidzatsegule sutikesiyo limodzi, iwo azikamba, ine ndizilemba.